Natsai Atulutsa Malume M'shopu Mwawo

Natsai anatsika kombi, minibasi ya kumeneko, ku Torwood nkhope ili yakugwa. Pulani ya kafukufuku wake wa chaka chomaliza inali itabwezedwa kachiwiri. Mutu wake aphunzitsi a kuyunivesite ku Gweru sanautsutse: kodi utsogoleri wa bwana umakuza kapena umapha luso la antchito lotulukira zatsopano? Chimene anakana n'chakuti mtsikanayu analemba za makampani akunja amene sanapondeko n'komwe.

"Pezani malo enieni," anatero aphunzitsiwo, "kumene bwana angalole kuti mucheze ndi antchito iye palibe. Mukalephera mwezi uno, tidzaonana chaka chamawa."

Chaka chamawa! Anzake adzavale mikanjo iye akuwaombera m'manja? Anazungulira maofesi a ku Kwekwe mpaka nsapato kuperepeseka, koma ponseponse ankangomuuza kuti abwana ali pamsonkhano. Mabwana a m'tauni ija ayenera kuti amagona komweko kumsonkhanoko.

Khomo linatsala limodzi, limene ankalizemba dala: shopu ya malume ake, a Gedion, achimwene a mayi ake. Ankawotcherera mageti, mawilibala ndi ngolo, ndipo anali ndi antchito oposa khumi. Anali munthu wabwino mtima, koma mawu awo ankaposa galayindala. Akangoti "Ayikona!" nkhani yathera pompo. Natsai ankawaopa kuyambira ali wamng'ono.

Anafika, n'kunjuta pakhomo monga mmene mayi ake anamuphunzitsira, n'kufotokoza zonse mwaulemu.

"Basi zomwezo?" anatero a Gedion. "Afunse. Ine ndikhala pano."

Anakoka mpando wawo wachitsulo n'kuukhazika pakati penipeni pa shopu.

Natsai anayamba ndi Never, mmisiri wamkulu, n'kumutchula mukoma, kunena kuti achimwene. "Mukoma Never, munayamba mwaganizapo njira yatsopano yogwirira ntchito ino?"

Never anaponya diso kumpando kuja, kwa mdhara, mdala wa shopuyo. "Aiwa, sisi. Mdhara amadziwa zonse."

Wachiwiri anayankha chimodzimodzi. Wachitatu anawonjezapo kuti mdhara amadziwa ngakhale za mawa. A Gedion ankangogwedeza mutu, kukhutira ngati munthu amene wadya bwino. Natsai anamva misozi ikubwera. Mayankho otere akawapititsa ku Gweru, ndiye kuti chaka chapita.

Tsono mwana wa ku Torwood amakula ndi miyambo iwiri, ndipo wochenjera amadziwa tsiku lovala uliwonse. Kuchimayi kwake, kwa Achewa, malume ndi mwini mbumba, sumuyang'ana m'maso. Koma bambo ake a Natsai anali Mshona, ndipo kumeneko mlongo wa mayi ako ndi sekuru, mnzako wanthabwala. Muzukuru, mwana wa mlongo wake, akhoza kumulanda sekuru chipewa ngakhale nkhuku, popanda mlandu. Natsai anali asanayesepo. Anaimirira, n'kuthothola kapusi pamutu pa a Gedion, n'kuivala.

"Sekuru, kapusi iyi ndatenga. Mukaifuna, ili pansi pa mtengo uko."

Anyamata onse anasiya ntchito n'kutembenuka.

"Iwe!" anabangula a Gedion. "Kwathu malume saseweretsedwa!"

"Kwanu kuti, Sekuru? Inu munabadwira mukomboni ya mgodi ku Shurugwi. Ku Dedza munapitako kamodzi kokha, ndipo mayi amati munabwerako mukudandaula m'mimba."

Never anabisa nkhope m'chigoba chowotcherera, mapewa akugwedezeka. A Gedion anayang'ana uku ndi uku, dazi lili pamtunda. Kumukalipira mwanayu pamaso pa anyamata achishona aja kukanakhala kudzichotsa ulemu, poti aliyense akudziwa kuti sekuru wokwiyira muzukuru ndi munthu wosaleredwa. Ananyamula mpando wawo akung'ung'udza, n'kulondola kapusi yawo kutsidya kwa msewu. Atafika pansi pa mtengo paja, Natsai anawaveka kapusiyo bwinobwino, n'kubwerera yekha.

Poyamba anyamata aja ankalankhula monong'ona. Natsai atawalonjeza kuti dzina la munthu silidzatuluka, nkhani zinakhuthuka ngati thumba lobooka. Never anafukula kuseri kwa zitsulo zotayidwa kachipangizo kopindira mipiringidzo kamene anapanga yekha, kamene ankakatulutsa abwana akapita kutauni. Yafeti, wopenta, anali ndi nzeru ya buleki ya ngolo imene anaisunga mumtima chaka chathunthu. Ankadulana mawu, kutsutsana, kujambula pansi ndi choko, kenaka kuseka. Natsai analemba mpaka dzanja kuwawa, ali wosangalala kwabasi. Vuto limene ankalifunafuna m'mabuku linali pano, litavala ovolosi.

Atatuluka anapeza malume ake ali duu pansi pa mtengo paja.

"Akuti chiyani?" anafunsa.

"Sindingakuuzeni, Malume. Ndi lamulo la kafukufuku."

"Andinyoza?"

"Ngakhale zimenezo sindinganene."

Natsai anadikira bingu. Malumewo akakana tsopano, zonse zija zikhala zopanda ntchito. Koma a Gedion anangoyang'ana khomo la shopu yawo, kumene phokoso linali lisanathe.

"Ndimawamva kuseka kuchokera kuno," anatero motsitsa. "Chitsegulireni shopu iyi, sindinamvepo zotere ine ndili mkati." Anapukuta thukuta. "Ukawauze aphunzitsi akowo kuti ndavomera. Uzibwera tsiku lililonse limene ufuna. Mpandowu ndiziutulutsa ndekha."

Natsai anaomba m'manja mothokoza. Atatembenuka kuti azipita, a Gedion anamuitananso.

"Muzukuru. Mafunso akowo ndi a anyamata okhaokha?"

"Alipo ena a bwana, koma ndi a mtsogolo."

"Sindikunena a bwana. Ndikunena omwewo." Anakanda chibwano, ngati mwana wopempha zimene sayenera. "Inenso ndinakhalapo wantchito. Kumgodi ndinagwira mpaka imvi izi, ndipo mutu unali wodzaza. Ndinkadziwa chochita kuti mapampu asamafe nthawi ya mvula. Nditatsegula pakamwa, kapitawo anangoti tula wena, kunena kuti khala chete iwe. Ndinatseka. Mpaka mgodi kutsekedwa, palibe anandifunsapo."

Natsai anakhala pansi pafumbi, pafupi ndi mapazi awo, n'kutsegula tsamba latsopano.

"Bambo Gedion," anatero, "munayamba mwaganizapo njira yatsopano yogwirira ntchito?"

Mkuluyo anakonza kukhosi, n'kutola kamtengo, n'kuyamba kujambula pampu padothi.