Mayi A ndi Bambo B

Alamu anga anthu amawatchula kuti a Loya, chonsecho mayeso olowera kusukulu ya zamalamulo anawalephera kawiri. Ntchito yawo ndi yogulitsa inshuwalansi, koma jekete lakuda savula ngakhale kutenthe chotani, ndipo akamayankhula amagogoda tebulo ndi cholembera ngati pali wina akuwatsutsa. Chaka chimenecho ndinkakhala kwawo, kukonzekera mayeso omwewo. Achemwali anga, omwe ndi namwino, ndiwo anandiitana kuti ndiziwerengera pamalo opanda phokoso.

Gawo limene linkandiopsa linali la chimangirizo. Amakupatsa mkangano wa anthu awiri, iwe uikire kumbuyo mmodzi mpaka wowerenga agonje. Apa ndi pamene alamu anadzipereka kundiphunzitsa.

"Mlamu, mayeso amenewa ndinalowamo kawiri ine, njira zake ndikuzidziwa," anatero.

Mumtima ndinati kawiri konseko munatulukira pawindo, koma ndinangothokoza. Wopempha sakulitsa chitete.

Kutatsala milungu itatu, anandipatsa kapepala. Bambo B ndi Mayi A akulekana, ali ndi mwana wa zaka zinayi. Mayi A amagwira ntchito ya mashifiti, masiku ena amachoka mwana asanadzuke, ena amafika atagona kale.

"Ulembe kuti mwana akhale ndi bambo. Mayiyo usamumvere chisoni ayi, ochonga mayeso safuna misozi."

Ndinalemba masamba atatu, ndipo ndisaname, ndinalemba mokondwa. Mayi A ndinamusenda bwinobwino. Panali chiganizo china chimene ndinkachibwereza ndekha posamba: "Chikondi chofika panyumba chitatopa sichilera mwana." Alamu anawerenga akunyambita chala potsegula tsamba lililonse, mpaka ngodya za mapepala zinanyowa, kenako anati, "Iwe wakhoza kale!" Ndinadzitukumula ngati finye. Nthawi yonseyo yunifolomu ya achemwali ili pachingwe kuseri kwa windo, mwana wawo wa zaka zinayi akusewera ndi zala za kumapazi kwanga pansi pa tebulo. Nzeru zonse zija, maso ndinalibe.

Lachisanu masana, mayeso ali Lolemba, achemwali analowa m'chipinda changa osavula ndi nsapato zakuntchito zomwe. Anakhala pabedi n'kundipatsa envulopu.

"Iwe wowerenga zamalamulo, tandimasulira izi. Andipatsira kuntchito, anthu akuona."

Anali mapepala akukhoti. Alamu ankapempha kuti banja lithe ndipo mwana akhale ndi iwo. Pamene panali Mayi A anaikapo dzina la achemwali, pamene panali Bambo B anaikapo lawo, zina zonse zinali zanga. Chiganizo changa chija chinali patsamba lachiwiri, atachidula mzere kunsi.

Alamu ndinawapeza pabalaza, phazi lili pampando, akuwenga zikhadabo, zidutswa zikugwera panyuzipepala.

"Alamu, mwandigwiritsa ntchito yotani imeneyi?"

Sanadzutse ndi mutu womwe.

"Uloya wake ndi umenewo, mlamu. Umayesa ukalowa m'madzi osanyowa? Wanama pati? Sagwira mashifiti achemwali akowo?"

"Munati ndi zoyeserera!"

"Ndiye wayeserera bwino. Ngati zakunyansa, Lolemba usapite, malo akowo atenge wina wolimba mtima."

Chikhadabo china chinathethekera pafupi ndi phazi langa. Sindikudziwa amene ndinanyansidwa naye kwambiri, iwo kapena ine.

Nditabwerera kuchipinda, achemwali anali pomwe paja, mwana atamukhazika pamiyendo, akumumasula tsitsi.

"Achemwali, analemba zimenezi ndine. Anandiuza kuti ndi zokonzekera mayeso."

Ndinkafuna andikalipire, andimenye mbama, chilichonse. Iwo anatenga mapepala aja, n'kuwerenganso tsamba lachiwiri pang'onopang'ono, milomo ikuyenda.

"Ndiye Lolemba ukakhoza," anatero motsitsa mawu, n'kuyamba kuvula nsapato.

Mabuku ndi mapepala a mayeso akale ndinazikankhira pansi pa bedi. Ndinatenga pepala loyera, pamwamba n'kulembapo dzina lonse la achemwali.

"Tiyambire apa, achemwali. Mwana atadwala chifuwa chaka chatha, anagona naye kuchipatala ndani?"