Bowo pa Khoma la Chikuta

Mwana anasiya kulira cha m'ma onze oras, 11 koloko m'mawa, ndipo mpamene Gelson anachita mantha enieni. Chibwerere kuchipatala kamwana ka masiku anayiko kankalira ngati kamphaka, iye n'kumamvera ali pabalaza mtima uli m'malo. Lero kunali zii. Anagogoda chitseko cha kuchipinda ndi chala chimodzi.

"Telma, mwana ali bwanji?"

"Sakuyamwa," anayankha mkazi wake ndi mawu otopa. "Ndikamuika kubere akungotembenuza mutu. Thupi lonse lili moto."

Chitseko chimenecho Gelson sakanachitsegula, ngakhale nyumba ya ku Matundoyo anaimanga yekha ndi thukuta lake. Telma anali m'chikuta. Mayi ake, a Marcelina, anatsika kuchokera ku Tsangano atangomva kuti mwana wabadwa masiku asanakwane, ndipo atafika anayala mphasa yawo m'kati mwa chipindacho, pakhomo penipeni. Lamulo lawo linali limodzi: mpaka mchombo utagwa, mwamuna woyenda m'misewu ndi m'nyumba za eni salowa, angatsemphe mwana. Bambo wa mwanayo ndiye makamaka. Gelson anamuona mwana wakeyo kamodzi kokha, kuchipatala, ali patali, kamwanako katakutidwa mpaka m'mphuno.

Tsono dzuwa la ku Tete m'mwezi wa Novembulo silidziwa kuti kuli chikuta. Malata ankachita kulira ndi kutentha. Ventoinya, fani yokupiza mphepo, imene inali m'chipindamo inkangotakasa mpweya wotentha womwewo, kuuchotsa pakona iyi kuupititsa pakona iyo.

Chochititsa manyazi n'chakuti ntchito ya Gelson inali yomweyi, kuika ndi kukonza makina ozizitsa m'nyumba za mabwana. Pawindo la chipinda chake panali ari-kondisiyonado yakale imene anagula yogwiritsidwa kale ntchito ku Moatize. Termositato yake, kachida koyeza kutentha kamene kamauza makina nthawi yoyaka ndi yozima, inafa kalekale, ndipo iye anangolumikiza mawaya mwachidule kuti makinawo aziyenda osapuma. Kwa akuluakulu awiri okhala ndi bulangete zinalibe kanthu. Ankati adzakonza mwana asanabadwe, mwana n'kubwera milungu inayi isanakwane. Dzulo lake makinawo atayatsidwa, sipanathe ora, timapazi ta mwana tinazizira ngati botolo la m'jeleira yoziziritsira zakumwa, ndipo a Marcelina anazula pulagi n'kunena kuti chinthu chimenecho sichidzayakanso iwo ali moyo.

Gelson anaimbira foni Dulce, msuweni wake amene ndi namwino. Dulce sanachedwe ndi moni.

"Mumuvule zonse, atsale ndi thewera lokha. Telma afinye mkaka, azimudonthezera ndi kasupuni. Chipinda chikhale pa vinte e seis, madigiri 26, chisatsike kuposa pamenepo, ana osakwana masiku amazizidwa msanga. Ora imodzi ikatha asakuyamwa, bwerani naye kuchipatala kuno, musadikire kalikonse. Wandimva, Gelson?"

Anamva. Anaonanso m'maganizo mwake ulendo wake: galimoto ya neba yopanda chozizitsa, mzera wa magalimoto pa mlatho wopita kuchipatala dzuwa lili paliwombo, ndi kamwana kolemera makilo awiri m'manja mwa mayi wongong'ambidwa kumene. Anauzabe nebayo kuti asachoke pakhomo. Kenako anatsegula chikwama chake cha ntchito. Munali termositato yatsopano, ikadali m'katoni, imene ankayenera kukaika Lolemba m'nyumba ya bwana wina ku Matema.

Koma kabokosi ka termositato kameneko kamafunika kukhala m'chipinda momwe muli mpweya umene kakuyeza. Telma sakanatha kuimirira, ulusi wa opaleshoni unali usanachotsedwe. Panatsala munthu mmodzi yekha, ndipo munthu ameneyo chikwatire Gelson sanalankhulepo naye mawu oposa moni, moni wakenso woyang'ana kumbali monga amachitira mkamwini ndi apongozi ake. Anagwada pafupi ndi chitseko, ngakhale panalibe womuona.

"Amayi, ndili ndi mawu."

A Marcelina anayankha ali kuseri kwa chitseko. "Tikumva, bambo."

Anafotokoza zonse mosazungulira. Makina aja sadzaziziritsanso ngati dzulo, chifukwa kabokosi aka kadzawazimitsa kokha kuzizira kukakwana. Iye agwira ntchito yonse ya kunja. Koma mawaya awiri ayenera kumangidwa ndi munthu wa m'katimo.

"Ine sindinagwirepo magetsi," anatero a Marcelina. "Ngakhale kuwerenga sinditha."

"Magetsi ndizimitsa. Ndikufuna manja anu ndi maso anu basi, enawo ndikuuzani."

"Amayi, vomerani," anatero Telma. "Taonani mmene akupumira."

A Marcelina sananene kuti avomera. Anangofunsa kuti ayambe chiyani.

Gelson anasankha khoma la pakati, lolekanitsa chipinda ndi balaza, chifukwa silifikidwa ndi dzuwa ndiponso mphepo ya makina siliwomba mwachindunji. Anakumbukira kuti m'katimo muli msomali wa kalendala ya kutchalitchi. Anawapempha kuti achotse kalendalayo, ayeze ndi dzanja kuchokera pa felemu ya chitseko, ndipo iwo anati pali zikhatho zitatu. Anawauza anyowetse chitenje achigwire pakhomapo kuti fumbi lisafike kwa mwana. Makina obowolera atayamba kukukuta simenti, nyumba yonse inanjenjemera. Phokoso limenelo likanadzutsa mwana aliyense m'Matundo monse, koma Gelson atasiya kubowola n'kutchera khutu, m'chipindamo simunamveke kulira.

Analowetsa chingwe cha mawaya awiri pabowopo, mbali inayo n'kuthamanga nayo kuseri kwa nyumba kumene kunatulukira msana wa makina. Chitsulo chinamuwotcha zala, sanasamale. Kabokosi ndi shave, chida chomangira timasikuluwu totchedwa mapalafuzo, anazipereka pawindo, atayang'ana pansi, dzanja la apongozi ake n'kutuluka kuseri kwa katani kudzalandira. Kenako anapita pa kwadro, bokosi la maswitchi, n'kugwetsa magetsi a nyumba yonse. Ventoinya inazungulira kawiri katatu, n'kuima. Anayang'ana wotchi: pa ora ya Dulce ija panali patatha mphindi makumi awiri ndi zisanu.

Anabwerera pabalaza n'kuika pakamwa pafupi ndi bowo.

"Amayi, tembenuzani kabokosiko. Kumbuyoko kuli timabowo titatu tondandana, kalikonse ndi kapalafuzo kake pamwamba. Mwationa?"

"Tationa."

"Waya wofiirira alowe m'kabowo koyamba, kumanzere. Masulani kaye kapalafuzoko pang'ono, musakachotse."

Anamva chitsulo chikuterereka pa pulasitiki. Kenako kanthu kakang'ono kanagwa pa simenti, n'kudumpha, n'kugubuduka. Gelson anatseka maso. Palafuzo ngati ameneyo analibe wina m'chikwama, ndipo foni yake inali ya mabatani, yosati n'kujambula kuti aone chimene chikuchitika.

"Kagwa," anatero a Marcelina. "Manja ali thukuta lokhalokha."

"Funani, amayi. Musafulumire."

Iye mwini ndiye ankafulumira. Anamva maondo a mayi wachikulire akukwawa pansi, mphasa ikukokedwa, beseni likusunthidwa. Mpweya wotuluka pabowo uja unali wotentha, wonunkha mkaka ndi sopo wa mwana. Mphindi zinayi zathunthu zinapita choncho, ndipo anaziwerenga zonse.

"Ndakapeza. Kanalowa mu nsapato."

Ulendo uno anamanga bwino. Waya wakuda analowa m'kabowo kachiwiri, ndipo Gelson anawauza akoke mawaya onse awiri, aone ngati akusolokoka. Sanasolokoke. Anakoleka kabokosiko pa msomali wa kalendala, anakankhira mabatire m'malo mwake, kagalasi kakutsogolo n'kuyaka. A Marcelina manambala ankawadziwa, paja zaka zonsezi amagulitsa mbatata za kachewere, ndipo anawerenga mmodzimmodzi: kwatro ndi um. Madigiri makumi anayi ndi imodzi, m'chipinda cha mwana wa masiku anayi.

"Dinani batani la muvi woloza pansi mpaka muone dois ndi seis."

Anadina mpaka panaoneka vinte e seis ya Dulce ija. Gelson anawauza abwezeretse pulagi ija, n'kuthamangira pa kwadro kukakweza magetsi. Ventoinya inayamba kuzungulira. Makina a pawindo anangokhala duu.

Anadikira, poti makina ena amayamba mochedwa dala. Mphindi imodzi, ziwiri, zitatu. Anazungulira kuseri, anayeza ndi mita yake, mbali yake yonse inali bwino. Ndiye kuti cholakwika chinali m'katimo, pamalo pamene maso ake sakanafika. Ntchito imene akanaiona ndi diso limodzi n'kuimaliza asanameze malovu! Pa ora ija panatsala mphindi khumi ndi zisanu.

"Mkaka ukungotuluka m'mbali mwa kamwa," anatero Telma, akulira tsopano. "Gelson, sakumeza."

Sanadziwe kuti wafika bwanji pachitseko. Anangopeza dzanja lake lili pa chogwirira, atachitsitsa kale theka, ndipo mbali inayo munthu anachitsamira ndi thupi lonse.

"Amayi, ndilowe. Mphindi imodzi yokha. Mwana sindimukhudza, sindimuyang'ana n'komwe."

"Bambo, tamverani." Mawu a a Marcelina anali pafupi kwambiri, kuseri kwa thabwa lokhalo. "Mukalowa, mwanayu n'kudzadwala mawa kapena mwezi wa mawa, kwathu konse adzati bambo ake anamutsempha. Telma adzamva zimenezo mpaka imfa yake, ndipo tsiku lina adzazikhulupirira. Banja lanu lidzathera pomwepo. Mukapanda kulowa, chikachitika chinthu, mlandu ndi wanga, ndine ndatseka chitseko. Ndisiyireni ine mlanduwo. Inu ndiuzeni choyang'ana."

Gelson anakwiya, ndipo anafuna kuwauza kuti mlandu wawowo sungamubwezere mwana. Akanakankha, chitseko chikanatseguka, mayiyo anali wopepuka. Koma anamva mmene ankapumira, ndipo anazindikira kuti nawonso ali ndi mantha ngati iye. Anasiya chogwiriracho pang'onopang'ono n'kubwerera pabowo paja.

"Ndiuzeni zonse zimene zili pa kagalasiko. Ngakhale kadontho."

"Pali manambala aja. Pansi pali tizilembo. Pakona pali kachithunzi."

"Kachithunzi ka chiyani?"

"Kamoto. Kalawi kakang'ono."

Gelson anadzimenya pachipumi. Timabokosi timeneti timapangidwira maiko ozizira, ndipo timachoka ku fakitale titatcheredwa kuti tizitenthetsa nyumba. Kameneka kankadikira kuti chipinda chizizire kuposa vinte e seis kuti kayatse moto, ndipo ku Tete kakanadikira mpaka Juni. Kwa mabwana chimenechi ndiye chinthu choyamba chimene amasintha asanatulutse n'komwe shave. Lero, pa mwana wake, anaiwala.

"Amayi, simunalakwitse kanthu, wolakwa ndine. Batani lapakati, lozungulira, lidineni osalisiya mpaka kamotoko kachoke."

Anawerenga chamumtima mpaka faifi, n'kuyambiranso.

"Kachoka. Pabwera kanyenyezi ka nthambinthambi."

Kabokosi kanalira kuti tha, kuseri kwa nyumba chitsulo chinayankha, ndipo makina akale aja anakhosomola n'kuyamba kung'ung'udza. Gelson anakhala pansi pomwepo, msana kukhoma. Anawauza asunthe mwana kumuchotsa kumene kukuwomba mphepo, ndipo azimuuza nambala iliyonse ikasintha.

Trinta e nove. Trinta e sete. Manambala ankatsika mwaulesi, ngati sakudziwa kuti pali wotchi. Ora ya Dulce inakwana ali pa trinta e dois, madigiri 32, ndipo neba analiza injini panja monga anapanganirana. Gelson anaimirira. Analibenso choti n'kudikira.

"Telma, konzekani, tikupita."

"Taimani," anatero Telma motsitsa mawu. "Taimani kaye."

Anaika khutu pabowo. Poyamba anangomva makina. Kenako, pansi pa phokosolo, panamveka kaphokoso kena kakang'ono konyowa, kakuima, n'kuyambanso. Mwana anali kuyamwa. Gelson anaimbira Dulce akunong'ona, Dulce n'kunena kuti amusiye ayamwe mpaka akhute, koma dzuwa likapepa abwere naye ndithu amuone.

Patapita nthawi makina anazima okha. A Marcelina anadzidzimuka n'kufunsa ngati aononga chinthu.

"Pali nambala yanji, amayi?"

"Dois ndi seis."

"Ndiye kakugwira ntchito. Kukayamba kutentha ayakanso okha, inu musakhudze kalikonse."

Anamva akuyendayenda m'katimo, madzi akukhuthulidwa, Telma akuseka ndi mphuno yotsekeka. Kenako a Marcelina anamuitana kuti apite kuwindo. Anapita n'kuima chammbali, maso pansi. Dzanja lija linatuluka kuseri kwa katani, shave ili pakati pa zala, ndipo pamodzi ndi shaveyo panali kathewera koyera kopindidwa.

"Wakodza," anatero a Marcelina. "Chiyambire m'mawa anali asanakodze. Madzi a m'ndowa atha muno, mukachape ndinu."

Gelson analandira ndi manja awiri. Kanali konyowa, kolemera pang'ono, kakadali kofunda ndi thupi la mwana wake. Shave inagwa pansi, sanaitole. Anaima padzuwa pomwepo atakagwira pachifuwa, malaya akunyowa, ndipo neba atatsitsa galasi la galimoto kufunsa ngati akupitabe, Gelson anangomukwezera kathewerako kuti akaone.