Ndevu za Atelala

Makina ometera ndevu a Atelala anafa m'mawa wa tsiku lokaona mkazi wawo kuchipatala. Anayamba kulira mofooka ngati njuchi yogwera m'madzi, anazula tindevu tiwiri ta pachibwano, kenako zii. Tsaya lamanja linali see, lamanzere lidakali ndi imvi zake zonse.

"Kabatani! Tabwera udzaone, bambo ako asanduka anthu awiri."

Kabatani anali mwana wawo wamkazi womaliza. Dzinalo analipeza ali wokwawa, atameza batani la malaya a kasitomala, ndipo linamukakamira mpaka kukula. Anaima pakhomo la bafa, koma kuseka kunamukanika. Mayi ake anali atayamba kuiwala anthu. Ulendo wathawu bambo anapita ndi ndevu zosameta, ndipo mayi atangowaona anakokera bulangete kukhosi n'kukuwira nesi kuti m'wodi mwalowa wakuba. Tsiku lomwelo dokotala anamukokera Kabatani pambali, namuuza kuti aliyense wofuna kucheza ndi odwalawo asazengereze.

"Ndikagule lezala, ababa?"

"Ndi manja awa?" Atelala anawatambasula. Ankanjenjemera ngati nsalu yoyanika pamphepo. "Ukufuna amayi ako alandire mutu padera, thupi padera? Ndi mabatire chabe atopa. Kagule ena."

Atelala anakana kumupatsa makinawo. Anati anyamata a masiku ano akatsegula chinthu, mkati mumatsala theka. Kabatani anangojambula makinawo pafoni n'kuthamangira kwa wokonza mafoni, amene ankakhala pa katebulo pakhonde la sitolo ya utoto.

Wokonza mafoniyo anayang'ana chithunzicho n'kuimba mluzu. "Achemwali, awa ndi makina kapena ndi agogo ake a makina?" Anafukula m'chitini n'kutulutsa mabatire awiri obiriwira okhala ndi timalilime tachitsulo. "Koma si ongolowetsa ngati a tochi. Ndi owotcherera. Kawatengeni ndidzakuikireni, madalawo asawagwire."

Kabatani atafika kunyumba anapeza bambo ake atakhala pa tebulo lawo lakale lodulira nsalu, pafupi ndi windo. Makina anali atagona chagada pa kansalu koyera, mimba ili poyera. Timasikuluu anali atatiluma pamilomo monga ankalumira mapini poyeza munthu diresi. Mabatire akale, otupa ndi ochita dzimbiri loyera, anali kale pambali. M'dzanja munali kasizasi kawo kodulira ulusi.

Analavulira timasikuluu m'chikhatho. "Ndakuchepetsera ntchito," anatero, nkhope ikuwala. "Taona. Palibe n'kaulusi komwe kotsala."

Zinali zoona. Moyo wawo wonse Atelala sanalolepo chovala kutuluka m'shopu mwawo chikulendewera ulusi, ndipo mawaya onse anawadula momwemo, m'tsinde mwenimweni, pamene amamera pa kabolodi kobiriwira. Kabatani anaika mabatire atsopano m'malo mwake. Panalibe choti n'kulumikizapo.

Anakulunga zonse m'kansalu kaja n'kubwerera kusitolo. Wokonza mafoni sanachitenso nthabwala. Anayang'ana ndi galasi lake kwa nthawi, n'kunena kuti sizasi yapalanso tinjira tamkuwa ta pa bolodi. Zikhoza kukonzeka, koma modekha, ndipo mabatire atsopanowo adzafunanso kutchaja.

"Mubwere mawa, achemwali."

Kabatani anagula lezala m'sitolo yoyandikana nayo.

Bambo ake anamuona akulowa ndi beseni la madzi ofunda. Anayang'ana lezalalo, anayang'ana manja awo, kenako anakhala pampando n'kudzikulunga thaulo m'khosi.

"Unametapo munthu iwe?"

"Ayi."

"Chabwino. Aliyense amayambira pa nsalu yotha."

Chikulireni, Kabatani anali asanagwirepo nkhope ya bambo ake. Ankawadziwa kumsana, atawerama pa makina osokera, ndiponso ku nsonga za zala pomupimira yunifolomu. Tsopano anapaka thovu la sopo pa tsaya lamanzere, napeza kuti khungu lake ndi lofewa ngati la khanda, lotsetsereka pansi pa chala. Kuseri kwa khutu kunali kachipsera kamene sanakaonepo. Ankamva mpweya wawo pa dzanja lake.

"Koka khungu kaye, ngati ukuwongola msoko. Eya. Usathamange."

Tsaya linatha bwino. Pachibwano, mutu wa Atelala unagwedezeka wokha monga unkachitira masiku amenewo, ndipo m'thovu munatuluka kamzere kofiira.

"Pepani, ababa! Pepani!"

"Iwe, ndadzibaya ndi singano kuposa tsitsi la m'mutu mwako. Maliza."

Anamatapo kathonje. Atelala anavala jekete lawo lotuwa, limene anasoka okha mapewa adakali odzaza, ndipo ananyamuka.

M'wodi munkanunkha mankhwala okolopera. Mayi anali pa bedi la kumapeto, atatsamira mapilo, akupinda ndi kupindula m'mphepete mwa shiti. Anali atachepa kwambiri. Kabatani anatsalira kumiyendo kwa bedi, kudikira kukuwa.

Mayi sanakuwe. Anawayang'ana Atelala bwinobwino, kuyambira kolala mpaka chipumi, n'kumwetulira.

"Fikani, bambo. Khalani pampandopo."

Atelala anakhala, chipewa chili pa bondo. "Mwaswera bwanji, mayi a Kabatani?"

"Ndaswera. Kaya inu?" Anatambasula dzanja, nakhudza kathonje kaja ndi nsonga ya chala. "Mwadzicheka."

"Pang'ono chabe."

"Malezalawa ndi oipa. Amuna anga sadzicheka, ali ndi makina. Ndinawagulira ndine, anthu mpaka kumabwera kudzaonerera." Anaseka pang'ono, kenako chifuwa chinawagwira. Chitawasiya anafunsa, "Mumawadziwa? Ndi telala."

Kabatani anatsegula pakamwa, koma bambo ake anakweza chala osamuyang'ana.

"Ndimawadziwa," anatero Atelala.

"Ntchito yawo mumaiona bwanji?"

"Amayesetsa. Koma amachedwetsa zovala za anthu."

"Eeh, ndiye mukuwadziwadi!" Mayi anawomba m'manja mopanda phokoso. Anayamba kufotokozera mlendoyo za diresi la buluu limene amuna awo anawasokera asanakwatirane, mmene linathinira m'khwapa, ndi mmene iwo analivalirabe osadandaula kuopa kumuchititsa manyazi mnyamatayo. Atelala ankangogwedeza mutu. Nkhani ya kuthinayo ankaimva koyamba.

Nesi anadutsa akuuza anthu kuti nthawi yoona odwala yatha. Mayi anagwira mkono wa jekete lotuwa lija.

"Mukawaona muwauze abwere. Asachite kudikira kuti amalize zonse, ntchito siitha."

"Ndikawauza."

"Muwauze lero."

"Lero lomwe, mayi."

Panja pa wodi panali benchi. Atelala anakhalapo, nayesa kuvala chipewa, koma dzanja linakana kufika kumutu. Kabatani anawalandira chipewacho n'kukhala pambali pawo. Anthu ankadutsa ndi mabasiketi opanda kanthu, ndipo awiriwo anakhalabe pomwepo mpaka wokolopa anawapempha kuti akweze mapazi.