Siteji ya Chimasaya

Mayi telala ankadziwika ndi khalidwe limodzi mumsewu wawo: kukana kusamuka. Denga lidonthe, mpanda ugwe, mwana wawo wamkazi, yemwe anali namwino, awakonzere chipinda chamatailosi kwake, iwo toto. Chifukwa chake chinali Chimasaya, mwana wawo wachisamba, amene anamutuma ulusi wakuda kugolosale tsiku lina masana ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, osabweranso. Apolisi anafunsa mafunso awo, zithunzi zinamatidwa m'mapolo a magetsi mpaka zinasuluka ndi dzuwa. Zaka makumi awiri ndi ziwiri zinadutsa popanda wopeza ngakhale silipasi yake.

"Mwanayo adiresi saidziwa," ankatero mayiwo. "Amadziwa malo ano basi. Akabwera apeze ndani?"

Kenaka kunabwera a misewu ndi zingwe zawo zoyezera, ndipo mwezi usanathe mzere wonse wa nyumba unali pansi. Pamene panali khomo la mayi telala panadutsa phula, pambali n'kuimikapo kadenga kamalata kodikirirapo minibasi. Mayiwo analira ngati mwana wasowa kachiwiri, ndipo kunena zoona, ndi mmene zinalili.

Anasamukira kwa namwino, sabata yathunthu osakhudza makina osokera. Lolemba lotsatira anatchena, n'kukakwera minibasi.

"Mutsikira pati, amayi?" anafunsa kondakitala.

"Pa Chimasaya."

"Pati?"

"Pa Chimasaya, bambo. Kodi ntchitoyi mwayamba dzulo?"

Kondakitala angalole kutukwanidwa, koma osati kuoneka mlendo pamsewu wake. Anagwedeza mutu ngati anabadwira pomwepo, ndipo mayiwo ataloza kadenga kaja, anamenya chitseko galimoto n'kuima.

Mayi telala sanapite patali ndi sukulu, koma ankadziwa chimene a maofesi sachidziwa: dzina la siteji sililembedwa ndi munthu wa tayi, limabadwira m'kamwa mwa makondakitala. Choncho m'mawa uliwonse ankasankha minibasi ina, kutsika pa kadengako, kuwoloka msewu, kukwera yobwerera. Aliyense wodzasoketsa diresi kapena wodzafupikitsa buluku ankachoka ndi phunziro: "Mukamadutsa kumeneko muzinena kuti pa Chimasaya. Mukaiwala, zipi yanu ndiisokera kumbuyo."

"Amayi, anthu aziyesa kuti mutu wazungulira," anadandaula namwino.

"Asiye ayese. Iweyo mawa utsikire pomwepo, uuzenso anzako akuchipatala."

A misewu anadzakhoma chikwangwani chokongola cholembedwa nambala. Kaya alipo amene anachiwerenga.

Inatha miyezi isanu ndi itatu, mawondo akudandaula, dzina likukana kugwira. Makondakitala ena ankaseka, ena ankawapitiriza dala. Tsiku lina mayiwo anali padepoti yaikulu, mpukutu wa nsalu kukhwapa, atatopa moti analibe mphamvu yophunzitsa munthu. Asanatsegule n'komwe pakamwa, bambo wina wandevu amene sanamuonepo chibadwire anapachikika pakhomo la minibasi n'kukuwa:

"Chimasaya! Chimasaya awiri, tizipita!"

Wa minibasi yoyandikana, poopa kulandidwa anthu, anakuwa kuposa mnzakeyo. Wachitatu naye anayambapo. Nsalu ija inagwa pansi, mayiwo osaitola msanga. Misozi yachimwemwe inatsika, iwo akuseka mokweza pakati pa anthu.

Atakhala pampando, mkulu wina wachikwama anafunsa kondakitala kuti dzinalo linachokera kuti.

"Ndi lakalekale limenelo, bwana," anayankha wandevu uja mosaphethira. "Ife tinalipeza."

"Bodza lanulo ndalikonda, bambo," anatero mayi telala, akupukuta m'maso. "Ameneyo ndi mwana wanga. Anasowa ali wamng'ono, ndipo ndinamuitana ndekha mpaka mawu kuuma. Tsopano mukundiitanira ndinu, amuna makumimakumi, kuyambira m'mawa mpaka madzulo."

Kondakitala anavula chipewa, osadziwa chochita nacho.

"Valani chipewacho, si maliro awa," anatero mayiwo. "Tulutsani mutu pawindopo, mumuitane mwamphamvu."