Tulo ta pa Msewu wa ku Ntaja

Clementina anasiya kugona mwezi wa Okutobala. Poyamba analoza chala dzuwa la ku Balaka. Mvula inabwera, kunja kunazizira, tulo osabwera. Zaka 47. Thupi linkangoyaka lokha ngati mbaula, thukuta lili kamukamu. Anatsika pabedi n'kuyala mphasa pasimenti. Amuna ake, a Walter, anatsala okha pamwamba, mkonono uli ngati chigayo.

Kuchipatala anamuyeza malungo. Sanapezeke. Namwino anamufunsa za kumwezi, n'kumuuza kuti ndi msinkhu, thupi likutseka za kubereka. Achepetse tiyi, azisamba madzi ozizira madzulo, aziyendako pansi. Clementina anaona kuti malangizo opanda botolo sangachize munthu. Anapita kwa anzake.

Pa Balaka aliyense ndi dokotala. Amayi a ku mphakati anati nimu. Anamwa, nkhope inakwinyika sabata yathunthu. Woyandikana naye benchi la zitenje pamsika anati chamwamba, masupuni awiri m'phala. Gulu la pa WhatsApp linati chidede chothira uchi. Wina anawonjezera adyo, wina jinja, wina pemphero loti ulitumize kwa anthu khumi. Mkulu wa chimkuzamawu pa depoti anali ndi botolo limodzi lochiza shuga, mphumu ndi nkhanza za apongozi. Chidede chinali chokoma. Zinazo iyayi. Tulo tinazikana zonse mosakondera.

Kenako anamva za Ayisha, mayi wa kwa Kawinga wogulitsa nsomba za ku Chiuta pamsika wa Ntaja. Akuti ankadziwa muzu wina. Lachiwiri Clementina anakwera minibasi. Anthu anayi pampando wa atatu, dengu la tomato la mwini wake pamiyendo, zenera losatsekeka likulowetsa mphepo. Injini ikunjenjemera pansi pa mpando. Asanafike pamphambano ya ku Mangochi anali atagona tulo tofa nato. Pa Liwonde kondakitala anachita kumugwedeza kuti asinthe galimoto. Mu yachiwiriyo chimodzimodzi. Nsanama sanaione n'komwe.

Ayisha anamupatsa muzuwo, n'kumunong'oneza kuti iye mwini sunamuthandize, koma anthu amauyamikira. Clementina sunamuthandizenso. Chinamuthandiza ndi msewu. Basi, Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse, ulendo wa ku Ntaja, ati kukatenga mankhwala kwa Ayisha. Zoona zake sakanaziulula. Mlembi wa Amayi Achikatolika, wogona kukamwa kuli yasa paphewa la munthu wosamudziwa? Zinazo, za m'thupi, si zouza mwamuna.

A Walter anali kalaliki wa njanji, wopuma. Munthu wosunga nthawi ndi masiku. M'nyumba mwawo munali mwambo umene ngakhale bambo mfumu sanauthe: mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo. Kale ankathira mwana wawo Luckness. Iye atakwatiwa ku Zomba, ntchitoyo inagwera bambo. Mwezi uliwonse ankaitanidwa kukhitchini, n'kuthira, osafunsa kanthu. Zaka zonsezi kalendala wa mkazi wawo ankamuwerengera pamenepo.

Anaitanidwa komaliza mu Novembala. Tsopano anali Malichi.

A Walter anasiya kudya ndiwo za pakhomo. Paja mchere wothira mkazi woyenda njira zokhota umadwalitsa mwamuna tsempho, matenda a chifuwa ndi kutupa aja. Ankadya tchipisi pa depoti. Akatsokomola kamodzi ankadzigwira pachifuwa, n'kudziyang'ana mapazi ngati ayamba kutupa. Clementina ankayesa akunyanyalira za mphasa zija. Anawasiya.

Loweruka m'mawa pakhomo panafika njinga ziwiri. Achimwene ake a Clementina, a Dyton, kuchokera kwa Kalembo. Akulu awo a Walter, a Brighton, kuchokera ku Rivirivi. Ankhoswe onse awiri tsiku limodzi, atavala majekete. Clementina anangoona majeketewo n'kudziwa kuti kwabwera mlandu. Anatulutsa mipando pakhonde, iye n'kukhala pamphasa.

A Walter anayala nkhani yawo ngati ndondomeko ya sitima. Choyamba, mayi a Luckness anasamuka pabedi miyezi isanu yapitayo. Chachiwiri, kawiri pasabata amapita ku Ntaja atatopa, nkhope itagwa, koma amabwerako atatsitsimuka, akuimba nyimbo za kwaya. Mankhwala anji otero? Chachitatu, mchere. Miyezi inayi akuthira okha osadumphitsa. Munthu wamkulu aliyense akudziwa tanthauzo lake. Pali pathupi. Ndipo iwo a Walter, malinga ndi mfundo yoyamba ija, sakukhudzidwa.

A Dyton anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Achemwali, mwamva. Ku Ntajako kuli ndani?"

"Kuli Ayisha, achimwene."

"Ayisha ameneyo ali ndi ndevu?" anafunsa a Brighton, akuseka okha.

Clementina anati Ayisha ndi mayi wa ana asanu ndi mmodzi, amagulitsa nsomba, angathe kumuimbira foni pompo. A Brighton anati foni imayankha zimene waiuza dzulo. Iwo afuna za mchere.

Nkhani zimenezi sizinenedwa pamaso pa mlongo wako wobadwa naye mimba imodzi. Amayi awo anawalera choncho. Ngakhale chitenje chochapa sichinkayanikidwa pomwe a Dyton angachione. Clementina anayang'ana pansi. Amuna atatuwo anawerenga kukhala chete kwakeko mmene ankafunira.

A Brighton anayamba kulankhula za kusudzulana. Anati mng'ono wawo malo ali nawo ku Rivirivi, sangafere pano ndi tsempho. Anatchula za kukadziwitsa bambo mfumu. A Dyton sanamuikire kumbuyo Clementina. Anangoti banja lawo silinaonepo zotere. Zaka 26 za ukwati zinkapindidwa ngati nsalu yotsala pabenchi, iye akuonerera. Pomwepo moto uja unamuyambira pachifuwa, kukwera m'khosi, kufika kumaso. Anapukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Pathupi palibe, achimwene. Kumwezi n'kumene kwasiya."

A Dyton anatsokomola. A Brighton anapeza chinthu chochititsa chidwi pa tayala la njinga yawo.

"Kunayamba kudumphadumpha chaka chatha. Mwezi wina kawiri. Wina osabwera. Mu Ogasiti kunabwera kwa masiku khumi, nsalu zosinthira zinandithera, mpaka ndinang'amba chitenje cha Chaka Choyera."

"Zamveka, achemwali."

"Sizinamveke. Mwapalasa kuchokera kutali, mumve zonse."

Ndipo anawapatsa zonse. Za thukuta lonyowetsa mphasa. Za mabere opweteka. Za mtima wogunda ngati wathamangitsidwa ndi galu. Anafotokoza kuti pabedi anachokapo chifukwa bambo a Luckness amatentha ngati uvuni wa njerwa, ndipo akakugunda ndi mwendo umalakalaka utawaponya pazenera. Anaulula za minibasi, za kukamwa yasa, za mnyamata wa ku Nsanama amene anamunyowetsera shati ndi dovu. Analowa m'nyumba, anatenga buku la kuchipatala, n'kuwapatsa a Brighton kuti awerenge mokweza zimene analemba namwino. A Brighton anati magalasi awaiwala ku Rivirivi. Magalasiwo anali m'thumba la jekete, akuonekera.

Mlandu umene unatenga ola kuuyala unatha m'mphindi ziwiri. A Dyton anati palibe nkhani. A Brighton anati iwo anakayika kuyambira pachiyambi. A Walter apepese ndi nkhuku. A Walter anavomera, maso ali pansi, n'kufunsa chapansipansi ngati ndiye kuti ndiwo zija zinali zabwinobwino nthawi yonseyi.

Mantha atatha, udokotala unabwerera. A Dyton anati makungwa a muwawani, kuwiritsa, kapu imodzi pogona. A Brighton anati mkaka wotentha, koma ena amathiramo kachasu pang'ono. Kenako anawongola jekete n'kunena kuti chatsala chimodzi. Mkazi wapabanja sagona pamsewu. Maulendo a ku Ntaja athe.

Clementina anati palibe vuto. Asiya. Koma popeza tulo sitidzabweranso, mavuto m'banja sadzatha, ndiye ankhoswe azibwera mwezi ndi mwezi kuti aziwafotokozera mmene thupi likuyendera. Zina anali asanazitchule. Panali za kuuma, panali za chikhodzodzo.

Ankhoswe anayang'anana. Anapempha kuti akambirane paokha kuseri kwa nyumba. Sanachedweko. Chigamulo chinasintha: maulendo apitirire, koma mwamuna aziperekeza mkazi wake, kuti anthu asamalankhule. A Walter anatsegula pakamwa. Akulu awo anali atakwera kale njinga.

Lachiwiri anakwera onse awiri. Clementina anatenga mpando wa pazenera. A Walter anapanikizika pakati, chigubu cha mafuta a munthu wina chili pamapazi, chikwama cha mkazi wawo pamiyendo. Kondakitala anamulonjera Clementina ngati mbale wake, n'kufunsa ngati awa ndi amene aziwadzutsa pa Liwonde tsopano.

Minibasi inanyamuka. Itangodutsa njanji, mutu wa Clementina unagwera paphewa lawo. Wolemera. A Walter anafuna kusuntha mkono, koma anausiya. Kumbuyo amayi awiri ankanong'onezana kuti chikondi chotere masiku ano n'chosowa, amuna a ku Balaka aphunzirepo. Mmodzi anawagwira paphewa linalo.

"Pepani bambo, mayiwa akudwala?"

"Iyayi," anatero a Walter, maso ali kutsogolo. "Akumwa mankhwala. Chonde tsitsani mawu."