Tirigu wa Pazenera

Omina analowa pabwalo la sukulu atanyamula thireyi ndi manja awiri, ataifunditsa mpango wa bambo ake kuti mphepo yochokera m'mapiri isaononge zomwe zinali m'katimo. Kuseri kwa makalasi azibambo anali atakumba kale dzenje la moto n'kukhazikapo chimphika chachitsulo chija chomwe timabwerekana pa maukwati. Azimayi anali atayala makapeti pansi pa mitengo ya zipatso yomwe inali itangoyamba kuchita maluwa.

Linali tsiku lophika sumanaki, phala lotsekemera la tirigu womeretsa lomwe timaphika kamodzi pachaka, chikondwerero cha chaka chatsopano cha Navruzi chikayandikira. Pasukulu yathu mwana aliyense amameretsa tirigu kwawo n'kubwera naye. Tirigu wa ana onse amamupera pamodzi, n'kufinya madzi ake, n'kuthira mumphika umodzi. Ndiye dzuwa lisanalowe, mwana aliyense yemwe tirigu wake walowamo amaima pamphikapo ndi mayi ake, onse awiri atagwira mthiko, n'kutakasa kangapo kwinaku akupempha chamumtima chomwe akufuna chaka chimenecho. Akuluakulu amachita zimenezi akuseka. Ana ayi, kwa iwo ndi nkhani yaikulu.

Omina, mtsikana wa kalasi yachitatu, pempho lake anali atalikonza kalekale. Mayi ake anapita ku Rasha kukatsuka mbale m'malo odyera, ndipo chaka chinali chitatha asanabwere. Kale amene ankapitako anali bambo ake, a Davlat, koma anawagwira ndi mapepala otha ntchito, n'kuwakweza ndege, n'kuwaletsa kupondanso kumeneko kwa zaka zingapo. Zinthu panyumba zinangotembenuka: mkazi kunja, mwamuna pakhomo. Pamudzi pathu zoterezi anthu satopa nazo kuzinena. A Davlat anasiya kupita kokamwa tiyi ndi anzawo, ankangokhalira kudulira mitengo m'minda ya anthu n'kubwera kudzaphika msuzi umodzi womwewo. Madzulo bambo ndi mwana ankadya mwakachetechete, nyumba ili zii.

Amene ankalandira mathireyi anali mayi Anzurat. Pamudzi pathu sumanaki saphika iwo kulibe, ndipo eni ake ankazidziwa bwino zimenezo. Ana anafola pamzere. Aliyense akavundukula nsalu, munkaoneka timphukira tatifupi, totuwa, tachikasu pang'ono, ngati todwala. Omina ankasuzumira n'kumamwetulira yekha. Wake sanali wotero.

Atachotsa mpango uja, tirigu wake anaimirira wobiriwira biriwiri, wothithikana, wotalika kupitirira chala cha munthu wamkulu. Azimayi anayang'anana. Mayi Anzurat anathothola katsamba kamodzi, kukatafuna, n'kulavulira pambali.

"Mwanawe, ameneyu unamuika pati?"

"Pazenera, azakhali. Pomwe pamafika dzuwa."

"Tirigu wa sumanaki kuona dzuwa? Ameneyu amakulira mumdima, atafunda nsalu yonyowa. Akangobiriwira basi, wawawa. Ukufuna mudzi wonse umwe mankhwala a njoka zam'mimba?"

Behruz, mnyamata wa m'kalasi mwake yemwe pakamwa pake sipatsekeka, analira ngati mbuzi nati Omina wabweretsera chakudya mbuzi ya alonda a pasukulu. Ana anaseka mpaka ena kugwetsa nsalu zawo. Mayi Anzurat anawakalipira, kenako n'kumufunsa Omina kuti anamuuza ndani zoika thireyi pazenera.

Omina anayang'ana mpango womwe unali m'manja mwake. Amene anamuuza zimenezo anali bambo ake. Iye anali ataika thireyiyo pakona, koma a Davlat ataipeza anati iwo alima tirigu kuyambira ali mnyamata, ndipo sanaonepo mbewu yokana dzuwa. Anaisamutsira pazenera okha. M'mawa uliwonse ankaithirira limodzi, a Davlat n'kumayeza ndi chala kuti wakula bwanji. Tsiku lina anachita kuseka, nati ana a anthu ena adzachita manyazi. Kuyambira pomwe mayi ake anachoka, Omina anali asanawamvepo bambo ake akuseka.

"Ndinangoganiza ndekha," anayankha.

Mayi wina ananong'ona, mokweza monga amanong'onera azimayi akwathu, kuti nanga munthu ungayembekezere chiyani poti panyumbapo palibe mkazi.

Aphunzitsi a kalasi yake, a Saodat, anafika akuthamanga, masingano ali pakamwa, poti ankasoka zovala za ana ovina. Atamva nkhani anati tiriguyo ndi wokongola kwabasi, amumanga kansalu kofiira n'kumuika patebulo la chikondwerero, pomwe pamafunikadi wobiriwira. Anatinso Omina atakasa ndithu, iwo adzagwira naye mthiko. Mayi Anzurat nawo anavomera, nati mthiko sutha, atakase. Onse ankanena mwachifundo, ndipo chifundo chimenecho ndi chomwe chinamupweteka kuposa kulira kwa mbuzi kuja. Anapukusa mutu. M'maganizo mwake, munthu sungapemphe kanthu pamphika womwe sunaikemo kalikonse.

A Saodat anamuyang'ana kanthawi, koma sanamukakamize. Anangomuuza kuti azimayi akhala akupera mpaka masana, ndipo iwo ali m'kalasi ngati angawafune. Omina anatenga thireyi yake n'kuchokapo.

Kunyumba sanapite. Akanakawauza chiyani bambo ake? Anakakhala kuseri kwa kanyumba kosungira malasha, komwe kunali kudakali chipale chofewa cha m'nyengo yozizira, chakuda, chosasungunuka. Kumeneko ankamva kamakina kopera kakulira, azimayi akuyimba, ana akuitana amayi awo pa tinthu tachabechabe, wina nsapato yamasuka, wina akufuna mkate. Anasungulumwa kwambiri. Mayi ake ankaimba foni Lamlungu lokha, mawu ali otopa, ndipo nthawi inkathera kufunsa ngati akudya, ngati akuvala zotentha, ngati akumvera bambo ake. Za tirigu sanaganize n'komwe zowafunsa. Ankafuna adzawadabwitse.

Ndi mkwiyo anagwira tirigu uja m'manja kuti amuzule amutaye. Koma sanazuke pang'onopang'ono, ananyamuka yense pamodzi ngati kapeti. Pansi pake panali poyera. Mizu inali italukanalukana, njere zili momwemo, ndipo tsinde lililonse kumunsi kwake, komwe dzuwa silinkafika, linali lotuwa ngati timphukira ta anzake tija. Anabudula pang'ono n'kutafuna. Anadikira kuwawa, koma sikunabwere.

Analowa m'kalasi n'kupempha sizasi. A Saodat sanafunse kuti ya chiyani. Anayang'ana thireyi, kuyang'ana mwana, n'kumupatsa sizasi yaikulu yodulira nsalu, yomwe sankalola mwana aliyense kuikhudza.

Ntchitoyo inatenga nthawi. Ankadula kumunsi kwenikweni, n'kumatola katsamba kalikonse kobiriwira kogwera m'mizu, zala zitauma ndi kuzizira. Behruz anadutsa ndi ndowa atamutuma madzi.

"Ukumeta mbuzi yako?"

"Eya. Dikira pomwepo, ndikatha iyi ndimeta iwe."

Behruz anasuzumira muthireyi. Anaima pang'ono, n'kumulozera tsamba lina lomwe analisiya pakona, n'kumapita.

Omina atabwerera pamakapeti paja, mathireyi anali atatsala ochepa. Mayi Anzurat anatembenuza mizu ija uku ndi uku, kuinunkhiza, n'kutafuna nthawi yaitali ngati akuweruza mlandu. Iwo si munthu wonamiza mwana pofuna kumusangalatsa.

"Sakuwawa. Kutsekemeranso sakutsekemera, mphamvu yonse inathera m'masamba. Koma mphika sangationongere."

Anaduladula mizuyo ndi mpeni n'kuiponya m'kamakina pamodzi ndi tirigu wa ana ena. Omina anaima pomwepo mpaka ataona ndi maso ake madzi oyera aja akutsanulidwa mumphika. Mayi Anzurat anamuuza, osamuyang'ana, kuti chaka chamawa adzabwere kwawo asananyike n'komwe tirigu, adzamuonetse.

A Davlat anafika chakumadzulo ndi wilibala ya nkhuni, poti bambo aliyense amabweretsa zake zosonkhezera moto. Podutsa pa kanyumba ka malasha anapeza mbuzi ya alonda ikudya masamba obiriwira omwe anawazindikira. Nkhani yonse anaimvera kwa azibambo anzawo pamulu wa nkhuni, yothiridwa kale mchere. Omina atabwera kudzawathandiza kutsitsa, a Davlat anamufunsa chapansipansi ngati anawauza azimayi aja kuti anamuuza ndani. Iye anati ayi.

A Davlat anaponya pamulu chikuni chomwe chinali m'manja. Kenako anati zaka zonsezi iwo ankangodya, sanafunsepo kuti thireyi ija mayi a Omina ankaibisa kuti. Anati akamaliza kutsitsa azipita, kunyumba kuli ntchito. Kunyumba kunalibe ntchito iliyonse, ndipo onse awiri ankadziwa. Omina anawapempha kuti adikire pang'ono.

Dzuwa litapendeka, ana anafolanso. Phala linali litayamba kulimba n'kusanduka lofiirira, ndipo timiyala tomwe amaponyamo kuti lisapserere tinkagogoda pansi pamphika. Mwana aliyense ankakwera pachitsa, mayi ake n'kuima kumbuyo kwake, manja anayi pamthiko umodzi. Azibambo ambiri a pamudzi pathu ali ku Rasha, zimenezo palibe amadabwa nazo. Koma mayi aliyense analipo. Ana ankatsinzina, milomo ikugwedera, n'kutsika akumwetulira.

Omina anakwera pachitsa yekha. Mthikowo unali wautali kumuposa. Anaukankha ndi mphamvu zake zonse, koma unangogwedezeka pang'ono n'kuima. Utsi unamulowa m'maso. Anamva kumbuyo kwake kuti a Saodat akubwera, ndipo anadziwa kuti akangogwira iwo, zonse zitha bwinobwino, anthu n'kuiwala. Anatembenuka kuyang'ana kumulu wa nkhuni.

"Ababa, bwerani mugwire."

Kwathu azibambo ntchito yawo pa sumanaki ndi moto basi. Pabwalo la azimayi salowapo. Kunkhuni kuja kunabuka phwete, wina nati, "Pita, Davlat, koma uyambe wamanga mpango kumutu." Winanso anati ntchito zina zonse za mkazi wake anazitenga kale, yatsala yomweyi. A Davlat anayang'ana pansi. Omina anaona makutu awo akufiira, ndipo anachita mantha kuti atenga wilibala yawo n'kumapita. Anagwiritsabe mthiko uja, osatsika pachitsa.

A Davlat anapukuta manja m'thalauza, kudutsa pakati pa makapeti azimayi akufutukula miyendo, n'kudzaima kumbuyo kwa mwana wawo. Manja awo anakwirira manja ake.

"Musamangosisita pamwamba, bambo inu," anatero mayi Anzurat. "Palani pansi. Likapserera ndi inu."

Anapala pansi. Mthiko unayenda, timiyala tinagubuduka, nthunzi yotsekemera inawawomba kumaso. Omina ankangoyang'anira kuti manja ake asaterereke, kuti chitsa chisapendeke, kuti bambo ake asakalipiridwenso. Azimayi anayambiranso nyimbo yawo. Asanadziwe n'komwe, mayi Anzurat anali ataitana mwana wotsatira.

Mphikawo unali woti ukhala pamoto mpaka m'mawa, choncho ana anauzidwa kuti azipita, adzabwere ndi timbale mawa. A Davlat ankakankha wilibala yopanda kanthu, thireyi ndi mpango zili momwemo, Omina akuyenda pambali. Mapiri anali akadali oyera kumwamba. Atafika pakamlatho ka ngalande, mwana anaima.

"Ababa, ndaiwala kupempha."

Anayamba kulira, kulira komwe anakuletsa tsiku lonse. Masiku onse othirira aja, manyazi a m'mawa, zala zouma ndi sizasi, zonse zinali za mawu ochepa omwe anayenera kunena chamumtima, ndipo sanawanene. Anafuna kubwerera, koma ankadziwa kuti mwana amatakasa kamodzi kokha.

A Davlat anatula wilibala. Sanali munthu wodziwa kutonthoza mwana, imeneyo inali mbali ya mkazi wawo. Anangotenga mpango uja n'kumukulunga nawo m'khosi.

"Ine sindinaiwale," anatero.

Omina anapukuta mphuno n'kuwayang'ana. Anawafunsa ngati anapempha chomwe iye ankafuna, poti iye anali asanawauzepo.

"Nanga ine ndi iwe tili ndi chinanso chopempha?"

Anapitiriza ulendo wawo. Nyumba anaipeza yozizira, monga ankaipezera masiku onse. A Davlat anagwada kukoleza moto, ndipo Omina anatsuka thireyi ija, kuipukuta, n'kukaiika kuseri kwa mulu wa zofunda, kumdima.