Bwato la a Torleiv

"Bambo ako alembe pepala logawa chuma chawo asanafooke," Ingunn adamuuza mwamuna wake Sindre chaka chatha, tsiku lomwe oyeza malo adakhoma zikhomo zofiira kuseri kwa khola la nkhosa. Sindre adangoseka. Bambo akewo, a Torleiv, adaseka mpaka kutsokomola.

Tsopano a Torleiv adali atagona m'manda masiku awiri, ndipo Ragnhild, mwana wawo woyamba amene adapita ku Bergen kalekale, adali pampando wawo, akumwera khofi m'kapu yawo. Lamulo la kuno ndi lakale: famu imapita kwa woyamba kubadwa, kaya adametapo nkhosa kaya ayi.

Mabomba oboolera mphanga adagunda m'phiri, mazenera nanjenjemera. Eira, khanda la Ingunn, adadzidzimuka n'kuyamba kulira, Ingunn namukumbatira.

"Akamaliza kuboola mphangayi, sitima zonse zapamadzi zizitulukira pathu pano," adatero Ragnhild. "Omanga doko akufuna gombe lonseli, nyumba yomwe. Ndawauza abwere Lachisanu."

"Pathu?" adafunsa Ingunn. "Alamu, mukudziwa n'komwe pomwe timasunga mchere?"

"Ndidabadwira m'chipinda chimene umagonamocho, mlamu."

"Kubadwira kokha. Zofunda za bambo anu ankachapa ndani?"

"Basi inu," adatero Sindre, maso ali m'kapu. "Maluwa a pamanda sanafote."

Ingunn adayang'ana nsapato za Ragnhild zosadziwa matope. Kumaliro aliyense ankamugwira mkono mayiyu, amvekere wafanana ndi bambo ako, Ingunn ali pakona kugawa buledi ndi nsomba, mwana ali m'chiuno.

Masana Ragnhild adafuna kuona kanyumba ka mabwato. A Torleiv ankadzitsekeramo nyengo yonse yozizira, Ingunn n'kumawasiyira supu pakhomo. Nyanja yolusa yozungulira phirilo idawamezera mchimwene wawo, ndiye ankati tsiku lotsegulira mphangayo adzapalasa okha, kudutsa m'mimba mwa phirilo popanda mafunde.

Bwato lomwe mkuluyo ankapanga lidali pamitengo, utoto ukununkhabe. Kumphuno kwake kudalembedwa zilembo zoyera, zoongoka bwino: RAGNHILD.

Ragnhild adagwira pakamwa, nalira. Sindre adamugwira paphewa. Ingunn adazungulira bwato lonse, kuyang'ana mbali iyi ndi iyo, ngakhale kunsi. Dzina lidali limodzi lomwelo. Zaka zitatu za supu.

Pansi pa mpando wapakati adaona kajekete koyandamitsa pamadzi, katsopano, kokwana mwana wa zaka zisanu. Eira adali ndi miyezi isanu ndi inayi. M'kati mwa kolala, ndi zilembo zokhotakhota, mkuluyo adalemba kuti EIRA, ndi chaka chomwe amati mphangayo idzatsegulidwa.

Ingunn adakapinda, nakalowetsa m'chikhothi chake Ragnhild asanapukute misozi.

"Sindre, kalongedze. Kusanache tikhale tili pamsewu wa kwa amayi anga."

"Nanga Lachisanu?"

"Lachisanu ndi la eni bwato."

Adatuluka, dzanja limodzi lili pamsana pa mwana, lina pachifuwa pomwe padali kajekete.